Gadiyani wa Sauwa

Midland, Perth
Mwezi wa Ogasiti

Okondedwa amayi aang'ono a Scholastica,

Landirani moni wanga, ndagwada ngakhale simukundiona. Muli bwanji kumeneko ku Nambuma? Bondo lija lakusiyani, kapena likadali kukuvutani m'mawa popita ku Misa? Nanga amalume a Norman ndi onse apakhomo adzuka bwanji? Ndinamva kuti mtedza wachita bwino chaka chino, ndipo ndinayamika Mulungu, chifukwa ndinaona mmene munavutikira nawo munda uja muli nokha.

Ife kuno tili moyo. Kukuzizira koopsa, mvula ikugwa nthawi imene kwathu kuli fumbi, ndipo mpaka lero thupi langa likukana kuzolowera. Amuna anga a Prosper ali ku mgodi. Amapita pa ndege, amakhalako masabata angapo, akabwera n'kugona ngati mwala, podzuka nthawi yobwerera yakwana. Mwana wathu Tasha watalika kundiposa. Chichewa akumva chonse, makamaka tikamamunena, koma kuyankha ndi Chingerezi cha m'mphuno.

Abambo nawonso m'thupi ali bwino. Za iwowa ndi zimene zandichititsa kulemba kalata m'malo moimba foni. Pa foni mukanandidula ndisanafike pakati, ine ndimakudziwani. Kalatayi ndapatsira a Brave, anzathu a ku tchalitchi amene akubwera ku Lilongwe. Khalani pansi muiwerenge mpaka kumapeto, kenako mundikalipire mmene mungafunire.

Ndinene pachiyambi pomwe. Abambo sabwera mwezi wamawa ku chiliza cha amayi. Akupempha kuti tsiku lisunthidwe, ndipo chifukwa chake ndi galu. Simunawerenge molakwa, mayi, ndikunena galu wa miyendo inayi.

Muyambe mwamva mmene galuyo anabwerera pakhomo pano.

Kuno kuli agalu ena aataliatali, a mutu wosongoka, oonda ngati odwala, amene amawawetera mpikisano wothamanga. Amawatcha gireyihaundi. Amawatsekera m'timabokosi n'kutsegula nthawi imodzi, iwo n'kumathamangitsa chidole chaubweya chokokedwa ndi makina, uku anthu akubetcha. Galu akachepa liwiro kapena akavulala, ntchito yake yathera pomwepo. Ena amapeza mabanja owatenga. Ena sapeza, ndipo za amenewo anthu amalankhula motsitsa mawu.

Ku ntchito kwathu, ku nyumba yosamalira okalamba, ndili ndi mnzanga wachizungu, a Glenda. Iwowa ali m'gulu lopezera agaluwa mabanja, ndipo Loweruka amakhala pa tebulo kunja kwa msika kusayinitsa anthu, kuti mayinawo apite ku nyumba ya malamulo, mipikisanoyi ithe. Tsiku loyamba kundifotokozera, misozi ili lengelenge, ndinachita kudziluma mlomo kuti ndisaseke. Mumtima ndinati, mayi inu, mukanaona wodi imene anagonamo amayi anga, odwala ena pabedi ena pansi, bwenzi misozi imeneyi mutaisungira anthu. Ndinasayina kuti angondisiya.

Sanandisiye. Anandipempha kuti ndisunge galu mmodzi mpaka atapezeka womutenga. Ine ndinavomera ndi nzeru zanga zakumudzi. Ndinati a Prosper sakhala pakhomo, chigalu chachikulu chonchi akuba azichiopa.

Ndinadzinamiza ndekha. Galuyo sauwa. Wa makalata abwere, ali chete. Munthu agogode, amangokweza khutu limodzi n'kubwerera kutulo. Tsiku lonse amakhala gada pa sofa, miyendo m'mwamba ngati mphemvu yakufa. Ndinamutcha Sauwa mopsa mtima, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Ndi wamkazi, wakuda, wa mawanga oyera pachifuwa. M'makutu anamudinda manambala, chala chimodzi cha mwendo wakumbuyo palibe, ndipo m'ntchafu muli zipsera. Atafika sankadziwa kukwera masitepe. Chitseko cha galasi anachiomba ndi mphuno kangapo asanamvetse kuti pali chinthu. Moyo wake wonse anangodziwa khola ndi mchenga wothamangirapo. Mafuta m'thupi alibe, ndiye kukazizira amavala jekete. Sekani, mayi, nanenso ndinaseka.

Abambo atafika kuno mu Meyi anali mmene munawaonera powaperekeza. Ankatenga mpando wa pulasitiki n'kukhala m'galaja, chipewa pa bondo, kuyang'ana msewu wopanda anthu. Chakudya ankangotolatola. Ndikawafunsa ankati ali bwino, ndisavutike. Munthu amene kuseka kwake tinkakumvera kuchigayo anali zii tsiku lonse. Ndinayamba kudandaula kuti ndawaitanira kudzafera kuno.

Tsiku loyamba kumuona Sauwa pa sofa anandiyang'ana ngati ndasiya tchalitchi. Anati galu m'nyumba, pa mpando wa alendo, atavala malaya, ndiye kuti dziko lafika kumapeto. Atamuyang'anitsitsa nthiti mlandu unasintha, tsopano ndinali ine womumana chakudya. Ndinafotokoza kuti ndi chibadwa cha agaluwa, koma sanakhulupirire. Posakhalitsa ndinayamba kupeza khungu la nkhuku lokulungidwa m'pepala m'thumba la jekete lawo.

Mukukumbukira kuti asanayambe ukalipentala anali mlenje. Tsiku lina a Prosper anawaonetsa mpikisano wa agaluwa pa TV, poganiza kuti awasangalatsa. Abambo anauonera wonse. Utatha anafunsa kuti kodi agaluwo akachigwira chidolecho amawapatsa chiyani. A Prosper anati sachigwira, makina amachithawitsa.

Abambo anapukusa mutu. Anati pa uzimba galu akagwira gwape, mlenje amayamba wamupatsa matumbo asanagawire anthu, chifukwa ntchito wagwira ndi iyeyo. Munthu womana galu gawo lake, anzake sankapitanso naye kutchire. Anati uku si kusaka, n'kunamiza nyama.

Mu mpikisano wotsatira galu wina anagwa pokhota, n'kugubuduka, chithunzi n'kupitirira ndi anzakewo. Abambo anadikira mpaka anthu ataombera m'manja wopambana. Kenako anafunsa kuti nanga wagwa uja wamutola ndani. A Prosper anangozimitsa TV.

Ndisanamizire anthu, mayi. Si onse oweta agaluwa amene ali ankhanza. Ku ntchito kuli agogo ena aamuna amene anawaweta moyo wawo wonse. Zithunzi zadzaza khoma, ndipo mayina a agaluwo amawakumbukira onse pamene a ana awo amawasokoneza. Akamva pa wailesi zoti mipikisano ithe amakwiya mpaka kufiira, amati anthu adya chiyani, agaluwo apita kuti. Ine ndimawasambitsa n'kumangovomereza. Nkhani imeneyo ili m'kamwam'kamwa kuno, ndipo aiweruza eni dziko. Yanga ine ndi ya galu mmodzi.

Kuyambira tsiku la TV lija, chingwe anatenga ndi abambo. M'mawa uliwonse ankatuluka awiri, wina jekete wina jekete. Misewu ya Midland anaidziwa kundiposa, mpaka azungu oyenda ndi agalu awo anayamba kuwapatsa moni powatchula dzina, a Paterson. Iwo galuyo ankamuitana kuti anamwali, ndipo ankamufotokozera nkhani za kwathu ngati akumva. Mbale zinayamba kubwera zopanda kanthu.

Tsiku lina ndikutsuka ziwiya ndinamva kuseka m'galaja, kuseka kwawo kuja kwa pansi pamimba. Ndinazimitsa mpopi kuti ndimve bwino, ndipo ndinalira ndili chiimire.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sitinkagwirizana. Lamulo la kuno limati agalu a mtundu umenewu asamasulidwe pa chingwe kunja kwa mpanda, ndipo a Glenda anandichenjeza kuti akayamba kuthamanga samvanso kuitana. Ndinawauza abambo kambirimbiri. Mutu unkavomera, mtima ayi. Ankati kwathu galu womangidwa masiku onse ndi wakuba nkhuku kapena woluma anthu, nanga uyu walakwanji? Galu amayenda yekha, madzulo amabwera yekha. Zinkawapweteka kuona nyama yobadwira kuthamanga ikuyenda pang'onopang'ono pa liwiro la nkhalamba.

Kumayambiriro kwa mwezi uno, m'mawa kuli mame, anafika pa bwalo la mpira la pafupi ndi kwathu n'kupeza palibe munthu. Anamasula chingwe.

Iwo eni akuti chibadwire sanaonepo chinthu chothamanga chotere, ngakhale gwape. Akuti miyendo sinkaoneka kugunda pansi, ndipo kukamwa kunali ngati akuseka. Anazungulira bwalo mmene anamuphunzitsira kumene anachokera kuja. Pokhota panamveka phokoso ngati kuthyoka kwa nthambi youma, kenako kulira. Atafika anapeza mwendo wakumbuyo uli lende.

Anamunyamula m'manja, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, galu wolemera ngati mbuzi yaikulu. Mzungu wina wodutsa pa galimoto anawaona akudzandira m'mbali mwa msewu, n'kuwatengera ku chipatala cha ziweto. Ine anandiimbira ndili ku ntchito.

M'galimoto ndinali nditakonza mawu, ndipo anali akuthwa, mukudziwa pakamwa panga. Koma nditawapeza atakhala pa benchi, malaya ali matope okhaokha, mawu onse anathawa. Madzi akatayika saoleka. Ndinangokhala pambali pawo.

Dokotala anatiuza kuti fupalo linali kale ndi mng'alu wa ku mipikisano, ndipo likanathyoka tsiku lina lililonse. Ndinawamasulira abambo mawu amenewo, n'kubwerezanso. Iwo anangoti womasula chingwe ndi iwo.

Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kumubaya jekeseni woti agone osadzukanso. Yachiwiri, opaleshoni yolumikiza fupa ndi chitsulo. Koma opaleshoniyo ili ndi zake. Kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo asadumphe, asakwere masitepe, potuluka kukadzithandiza azimugwiririra ndi nsalu pamimba, bala lizitsukidwa, ndipo pakhomo pazikhala munthu usana wonse. Dokotala ananena mosabisa kuti ngati munthu woteroyo palibe, kuli bwino asamuzunze pachabe.

A Glenda anafika akuthamanga. Anati za chipatala gulu lawo lithandiza, koma mabanja osunga agalu ovulala onse ndi odzaza, ena akudikira pamzere. Ndinawerenga apakhomo panga. Ine mashifiti, a Prosper ku mgodi, Tasha kusukulu. Ndinali nditayamba kale kuyang'ana pansi, ndikuganizira jekeseni uja.

Abambo anandigwira mkono n'kufunsa kuti akuti chiyani. Nditawauza, anati munthu alipo, ndi iwowo. Ndinawakumbutsa za tikiti ya ndege ndi za chiliza. Anati amva, ndiuze adokotala ayambe opaleshoni.

M'mawa mwake ndinapita ku ntchito nditawauza kuti tikamuona madzulo. Dzuwa litakwera foni inalira. Anali namwino wa ku chipatala cha ziweto chija. Anati pali mkulu wina wakhala pa khoma la maluwa panja kuyambira asanatsegule, ali ndi chikwama chachikulu, akukana kuchoka, ndipo sakumvetsa chimene akufuna. Ndinapempha chilolezo n'kuthamangirako.

Ndinawapeza ali phee pa khomapo, atayenda wapansi kuchokera kunyumba. M'chikwamamo munali bulangete, beseni laling'ono, sopo, fulasiki ya tiyi, mbale ndi supuni, phala m'kontena, ndi nkhuku yowiritsa. Ndinawafunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Anandiyankha ngati ndafunsa chinthu chopusa, kuti wodwala sagona m'chipatala wopanda gadiyani. Amusambitse ndani, amudyetse ndani, zikavuta akaitane namwino ndani?

Ndikuuzeni zoona, poyamba anandigwira ndi manyazi. Anthu ankadutsa ndi amphaka awo m'timabokosi akutiyang'ana. Ndinawanong'oneza kuti kuno kulibe zimenezo, ngakhale anthu amagona m'chipatala opanda gadiyani, nanji galu. Ndinati tiyeni kunyumba.

Anakana. Anati ngati salola kulowa akhala panja pomwepo, kukhala panja anazolowera.

Mayi, mawu amenewo anandilasa, ndipo inu mukudziwa chifukwa chake kuposa ine. Amayi atagonekedwa, wodi inali ya akazi, amuna sankaloledwa kudwazika. Mkati munali inu. Munawasambitsa, munawadyetsa, munagona pa simenti pansi pa bedi lawo. Ine ndinali kuno kulimbana ndi za ulendo, ndipo ndinafika mochedwa. Abambo anali panja pansi pa mtengo masabata onse aja. Ankalowa nthawi yoona odwala yokha, n'kuima kumiyendo kwa bedi manja kumbuyo ngati mlendo, pamaso pa mkazi amene anakhala naye zaka zoposa makumi anayi.

Palibe amene analakwa. Ndi mmene zimakhalira, ndipo ntchito imene munagwira inu sitidzatha kuithokoza mpaka kufa. Koma palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo kuti munthu uja wa pansi pa mtengo, manja ake ankafunanso chochita.

Ndinalowa n'kumufotokozera namwinoyo kuti gadiyani ndi ndani kwathu. Ndi mtsikana wamng'ono, wa ndolo pamphuno. Anamvetsera osandidula, n'kupita kukalankhula ndi dokotala. Pobwera anati kugona sangalole, koma masana akhoza kukhala. Anawaikira mpando pafupi ndi khola la Sauwa.

Galuyo anali asanalawe kanthu chichokere ku opaleshoni. Phala dokotala analikana, koma nkhuku analola. Abambo ananyenya tizidutswa n'kuika pa chikhatho, akumulankhula motsitsa mawu, akumupepesa. Anatenga nthawi, koma anadya. Masiku onse amene anagonekedwa, abambo ankafika asanatsegule, ndipo anamwino anayamba kuwathirira tiyi.

Tsopano Sauwa ali kunyumba, mwendo uli m'chikhakha. Abambo atulutsa matiresi kuchipinda n'kuyala pansi pabalaza pambali pake. Mankhwala amapereka ndi iwo. Potuluka amamukoleka chitenje pamimba n'kumayenda naye pang'onopang'ono, atawerama, msana wawo uja. Ndikati ndiwalandire amakana. Akudya bwino, akumeta ndevu popanda kuwakumbutsa, ndipo madzulo amandiuza mmene tsiku layendera mwatsatanetsatane mpaka ndimatopa.

Dokotala wanena kuti fupa layamba kugwira, koma akasiyidwa yekha n'kudumpha ngakhale kamodzi, chitsulo chisuntha, ndipo kachiwiri sadzachitanso opaleshoni. Pamenepo padzatsala jekeseni uja basi.

Musaganize kuti sindinayese njira zina. Ku ntchito tchuthi chimene chatsala n'chomwecho ndinasungira chiliza, chowonjezera andikaniza. A Prosper sangasiye mgodi miyezi iwiri. Ku tchalitchi ndinafunsa ngati pali amene angakhale ndi galu masana, ndipo amayi a bungwe anaseka mpaka wina kupukuta misozi ndi mpango. Sindinawakwiyire. Chaka chatha ndikanaseka nawo.

Ndikudziwa zimene zakonzedwa kumeneko. Chimera mwanyika, mbuzi zamangidwa, amisiri apangana nanu, abambo mfumu a ku parishi anauzidwa, abale a ku Kasungu ndi a ku Joni apempha kale tchuthi. Ndikudziwanso mmene nkhaniyi imvekere pamudzi: mkamwini wapita kunja, walawa za azungu, wasiya chiliza cha mkazi wake chifukwa cha galu. Amalume a Norman adzati mbumba yanyozedwa, ndipo sindingawadzudzule. Chimene ndikuopa n'chakuti abambo adzafika pamudzi pamene anamanga nyumba ndi manja awo, anthu osawapatsa ngakhale mpando.

Zonsezi ndinawauza, sindinawanyengerere. Anamvetsera akusisita galuyo m'khosi. Anati amayi agona, sakumvanso kuwawa, ndipo akanakhalapo akanakhala oyamba kuwatcha chitsiru, kenako oyamba kuwiritsa nkhuku. Anati kumanda adzapita, adzagwada, adzachita zonse zimene mwambo ukufuna, ngakhale kulipa mbuzi ngati akuchikazi atero. Koma sangakwere ndege kusiya wodwala amene anamuthyola okha kuti akabayidwe jekeseni.

Ndinaganiza zonama, kuti ndikuuzeni kuti abambo adwala ndipo dokotala wawaletsa ulendo. Zikanatha msanga, aliyense akanamva chisoni. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati bodza la matenda limaitana matenda, ndipo sakufuna kudzaima pa manda a mkazi wawo ndi bodza m'kamwa. N'chifukwa chake ndakulemberani zonse mmene zilili, ndi manyazi ake omwe.

Sindikupempha kuti chiliza chilephereke, mayi. Ndikupempha chisunthidwe kufika kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe. Pofika nthawi imeneyo Sauwa adzakhala akuponda yekha. Matikiti ndasintha kale, yawo ndi yanga, tidzabwera limodzi. Zimene ziwonongeke chifukwa cha kusinthaku ndi mlandu wanga, ndipo wofuna womukalipira akalipire ine.

Ndagwira mwendo wanu chifukwa amalume amamva inu. Mukayamba ndinu kunena, iwo amapsa mtima tsiku limodzi, mawa lake n'kumati maganizowo anali awo. Koma chachikulu n'chakuti ndinu nokha amene munkatuluka m'mawa kupita pansi pa mtengo paja kukawauza abambo mmene odwala agonera. Munawaona nkhope. Simufunika kuti ine ndikufotokozereni zambiri.

Pali chinthu china chimene andituma iwo eni, ndipo ndachisiyira kumapeto chifukwa ndinkasowa poyambira.

Sauwa khungu lake ndi lopyapyala, ndipo wayamba kachilonda pachiuno chifukwa chogonera mbali imodzi. Ndinawauza abambo zimene timachita ku ntchito ndi okalamba osatha kudzuka. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati ndifunse inu. Akuti anamva kwa amayi amene anasambitsa maliro kuti mkazi wawo, ngakhale anagona nthawi yaitali chotero, analibe chilonda ngakhale chimodzi. Akufuna kudziwa kuti munkawatembenuza bwanji, munkawapaka chiyani, munkawatsamiritsa ndi chiyani.

Ndinayamba kulemba mafunsowo, iwo ataima kumbuyo kwanga. Anapitiriza kuwonjezera. Amayi ankakonda kugonera mbali iti? Ankadandaula pati? Chakudya chomaliza chimene anachikonda chinali chiyani? Kodi tulo ankapeza? Kodi belu likalira, alendo atatuluka, ankanenapo chiyani za iwo? Apa ndinasiya kulemba, chifukwa mafunsowo sanalinso a galu.

Chimwalirire amayi, abambo sanafunsepo munthu aliyense za mkati mwa wodi ija. Ine ndinkaganiza kuti sakufuna kudziwa. Tsopano ndaona kuti ankadziona ngati alibe chilolezo chofunsa.

Muwayankhe, mayi. Muwauze zonse, pang'onopang'ono, ngakhale zowawazo. Za tsiku la chiliza mukhoza kukana, ndipo ndidzamva kuwawa koma ndidzamvetsa. Izi zokha musawakanize. Foni yawo imakhala m'thumba la malaya nthawi zonse. Mukaimba Lamlungu pochokera ku Misa, kuno kumakhala madzulo, adzakhala ali pabalaza ndi wodwala wawo, ndipo ine ndi Tasha tidzawasiya okha.

Mundiperekere moni kwa amalume a Norman, muwauze kuti mwana wawo sanaiwale kwawo. Moni kwa a Overstone ndi akazi awo, kwa ana onse, ndi kwa amayi a limana amene anatithandiza pa maliro. A Prosper ndi Tasha akupereka moni. Mukadutsa kumanda muwauze amayi kuti tachedwa, koma tikubwera.

Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo ndi mawu abwino pamaso pa amalume.

Ndine mwana wanu,
Dyna